Khadi la ngongole kapena kashi: ndani amalipirira ulerewo?

Anthu awiri aima pa mzere wolipirira m'sitolo. Atenga katundu wofanana, mtengo wakenso ndi umodzi. Woyamba akupisa m'thumba, akuwerenga ndalama, akulandira chenji, nkhani yathera pomwepo. Wachiwiri akugunditsa khadi pa kamakina, kakulira kuti pii, lisiti likutuluka, naye akunyamuka. Woonera patali anganene kuti onse alipira. Koma ngati khadilo lili la ngongole, wachiwiriyu sanalipire kanthu. Wakongola. Banki ndiyo yamulipirira, ndipo mtengo weniweni wa katunduyo adzaudziwa pakatha milungu ingapo, kutengera zomwe adzachite sitetimenti ikafika.

Makhadi onse amaoneka ofanana m'chikwama, n'chifukwa chake anthu ambiri amawasokoneza. Khadi la debit limatapa ndalama zanu zomwe zili kale mu akaunti. Mukagula, akaunti imatsika nthawi yomweyo, ndipo zikatha ndiye kuti zatha. Limeneli ndi m'bale wake wa kashi, kungoti silioneka ndi maso likamachepa. Khadi la ngongole ndi lina. Banki imakuikirani malire a ndalama zomwe mungakongole, inu n'kumagula mpaka malirewo, kenako kamodzi pamwezi imakutumizirani sitetimenti yosonyeza zonse zomwe mwatenga ndi tsiku lomaliza kubweza. Nkhani yathu yagona pa khadi lachiwirili.

Chinthuchi sichakale kwenikweni. Mu 1950 ku New York, Frank McNamara ndi anzake adayambitsa Diners Club, khadi lomwe anthu a bizinesi ankalipirira nalo m'malesitilanti, koma lamulo lake linali loti mwezi ukatha ubweze zonse. Kusintha kwakukulu kudabwera mu 1958, pomwe Bank of America idatumiza makhadi pafupifupi 60,000 kwa anthu a mu mzinda wa Fresno ku California, anthuwo asanapemphe n'komwe. Chachilendo pa khadi la BankAmericard chinali chilolezo chobweza pang'ono, zotsalazo n'kuwolokera mwezi wotsatira zitabereka chiwongoladzanja. Poyamba zinthu zidavuta, ambiri sadabweze ndipo akuba adapezerapo mwayi, koma banki idalimbikira chifukwa idaona pomwe pali phindu. Khadi limeneli ndilo lidadzasanduka Visa mu 1976. Mabanki ena adagwirizana mu 1966 n'kupanga lawo, lomwe lero ndi Mastercard. Chilolezo chija, choti ungathe kusiya ngongole igone, ndicho mtima wa bizinesi yonseyi mpaka lero.

M'masekondi awiri kapena atatu omwe kamakina kamaoneka ngati kakuganiza, uthenga umayenda ulendo wautali. Umachoka m'sitolo kupita ku banki ya wogulitsa, kudutsa pa netiweki ya Visa, Mastercard kapena kampani ina, mpaka ku banki yomwe idakupatsani khadi. Banki yanuyo imaona ngati khadi silidatsekedwe, ngati simunapyole malire, ndiponso ngati kugulako sikukununkha chinyengo. Ikavomera, yankho limabwerera njira yomweyo. Aliyense mwa amene agwirapo ntchito pa ulendowu amadyapo kake. Wogulitsa salandira mtengo wonse womwe uli pa lisiti. Ku United States amadulidwa kawirikawiri pakati pa 1.5 ndi 3.5 peresenti, ndipo gawo lalikulu la ndalama imeneyi, lomwe amalitcha interchange, limapita ku banki ya mwini khadi. Mayiko a European Union adaona kuti ndalamayi yakula, ndipo mu 2015 adaika lamulo loti interchange isapyole 0.3 peresenti pa khadi la ngongole ndi 0.2 peresenti pa la debit. Australia idayamba kale kuchepetsa ndalamayi mu 2003.

Musaiwale ndalama yodulidwayi, tibwererakonso.

Tsopano mbali yomwe imakopa anthu. Sitetimenti imasonkhanitsa zogula za masiku pafupifupi 30, ndipo ikatuluka mumapatsidwanso milungu itatu kapena kuposerapo pang'ono kuti mubweze. Ku United States lamulo la 2009 limakakamiza mabanki kupereka masiku osachepera 21. Choncho chinthu chomwe mwagula tsiku loyamba la mwezi wa sitetimenti mutha kudzachilipira patapita masiku oposa 50, popanda chiwongoladzanja ngakhale pang'ono. Ndi ngongole yaulere, ndipo si bodza ayi. Koma ulerewu uli ndi lamulo limodzi lomwe ambiri saliwerenga: muyenera kubweza ndalama yonse ya pa sitetimenti tsiku lomaliza lisanadutse. Yonse. Mukasiyako ngakhale pang'ono, pa makhadi ambiri masiku aulere aja amafufutika, ndipo chilichonse chomwe mungagule mawa lake chimayamba kubereka chiwongoladzanja kuyambira tsiku lomwe mwachigulalo. Chiwongoladzanjacho chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, osati pakutha pa mwezi. Kuti masiku aulere abwerere pamafunika kufafaniza ngongole yonse, ndipo mabanki ena amafuna mutero miyezi iwiri yotsatizana.

Chiwongoladzanja cha makhadi ndi chimodzi mwa zokwera kwambiri zomwe banki yovomerezeka imalipiritsa, chifukwa ngongoleyi ilibe chikole. Banki ilibe nyumba kapena galimoto yoti idzalande. Ku United States m'zaka za 2023 ndi 2024 chinkapyola 20 peresenti pachaka, ndipo mu 2023 ngongole yonse ya pa makhadi m'dzikolo idadutsa madola 1 thililiyoni kwa nthawi yoyamba. Pafupifupi theka la eni makhadi kumeneko amawolotsa ngongole kupita mwezi wina kamodzi kapena kangapo pachaka.

Pa sitetimenti pamakhala manambala awiri oyandikana. Ina ndi ngongole yonse. Inayo ndi kandalama kochepetsetsa komwe mukapereka banki sikudandaula, sikulipiritsani chindapusa, ndipo imakuwerengani ngati munthu wosunga pangano. Kanambala kachiwirika ndiko kamagwetsa anthu. Tiyerekeze kuti muli ndi ngongole ya 1,000, kaya ndi madola, mapaundi kapena ndalama ina iliyonse, ndipo chiwongoladzanja ndi 24 peresenti pachaka. Ndiye kuti mwezi uliwonse ngongoleyo imabereka pafupifupi 20. Mukamapereka 25 pamwezi, 20 ikupita ku chiwongoladzanja ndipo ngongole yeniyeni yatsika ndi 5 yokha. Mukapitiriza choncho, osagulanso kanthu pa khadilo, mudzamaliza patatha miyezi yoposa 80, zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, mutapereka ndalama yopitirira 2,000. Katundu amene mudagulayo adzakhala atatha kalekale. Ngati zinali zinthu za tsiku ndi tsiku monga sopo, mafuta a galimoto ndi zina zotero, ndiye kuti mukulipirabe zinthu zomwe simungazikumbukire n'komwe.

Kanambalaka kali ndi mphamvu inanso yobisika. Neil Stewart wa ku University of Warwick adasonyeza mu 2009 kuti kungoona nambala yochepetsetsayo pa sitetimenti kumakoka anthu kuti abweze zochepa kuposa zomwe akadabweza ikadapanda kulembedwa. Munthu amene akadatha kupereka theka la ngongole amatsetsereka n'kupereka ndalama yoyandikira kanambala kaja, chifukwa maso aona kuti n'zololedwa. Lamulo la 2009 lija lidalamula mabanki a ku United States kuti azilemba pa sitetimenti zaka zomwe munthu angatenge kuti amalize ngongole ngati azingopereka kochepetsetsako. Mukaona bokosi limenelo pa sitetimenti yanu, liwerengeni modekha, ndi limodzi mwa malo ochepa pomwe banki imalankhula mosapsatira.

Mabanki amadziwa bwino kuti makasitomala awo ali m'magulu awiri, obweza zonse mwezi ndi mwezi, ndi owolotsa. Khadi ndi limodzi, sitolo ndi imodzi, koma anthu awiriwa akugwiritsa ntchito zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Kwa woyamba khadi ndi njira yolipirira yomwe imamupatsanso tinthu taulere. Kwa wachiwiri ndi ngongole yodula yomwe imakula akagona. N'chifukwa chake mkangano woti chabwino n'chiti pakati pa khadi ndi kashi suthera pamodzi. Amene akutamanda khadi nthawi zambiri ndi wa gulu loyamba ndipo akunena zoona za moyo wake. Amene akulitukwana adalawako gulu lachiwiri, nayenso sakunama. Vuto ndi loti pafupifupi aliyense potenga khadi amadziika m'gulu loyamba. Palibe amasaina fomu akuganiza kuti adzakhala wowolotsa.

Nanga mabonasi? Makhadi ambiri amakubwezerani 1 kapena 2 peresenti ya zomwe mwagula, ena amapereka mapointi osinthanitsa ndi matikiti a ndege kapena malo ogona. Apa m'pomwe ndalama yodulidwa kwa wogulitsa ija ikutulukiranso. Banki imatenga interchange, n'kugawirako inu kachigawo kuti muzikonda kugunditsa khadi lake. Wogulitsa naye safuna kuluza, ndiye amaika ndalama yodulidwayo mu mtengo wa katundu. Mtengowo ndi umodzi kwa aliyense, kotero wolipira kashi amathandiza kulipirira bonasi yomwe iye sadzailandira. Akatswiri a za chuma a ku Federal Reserve Bank of Boston, Scott Schuh, Oz Shy ndi Joanna Stavins, adalemba za zimenezi mu 2010. Adapeza kuti ndalama zimasamuka kuchoka kwa olipira kashi kupita kwa a makhadi, ndipo popeza makhadi a mabonasi onona amakhala ndi anthu opeza bwino, kusamukako kumachoka kwa osauka kupita kwa olemera. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pomwe dongosololi lili ndi chilema chachikulu, chifukwa wovulalayo sadziwa n'komwe kuti akuvulala. Umboni woti mabonasi amachokera ku interchange uli poyera: ku Ulaya, komwe ndalamayi idachepetsedwa ndi lamulo, mabonasi ndi owonda poyerekeza ndi a ku United States.

Kwa munthu payekha, masamu a bonasi ndi achidule. Mukagula za 1,000 pa khadi lobweza 1.5 peresenti, mwapeza 15. Mukawolotsa 1,000 yomweyo mwezi umodzi wokha pa chiwongoladzanja chija, mwataya 20. Bonasi ya mwezi wonse yamezedwa, n'kuonjezerapo. Palinso makhadi olipiritsa ndalama ya pachaka, ndipo ngati simugula zambiri, ndalama imeneyo yokha imatha kudya mabonasi onse a chakacho.

Masitolo ena amayesa kubwezera mtolowu kwa mwini wake polipiritsa kena kapamwamba kwa wogula pa khadi, kapena potsitsirako mtengo wolipira kashi. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku United Kingdom kulipiritsa kapamwamba kotereku kudaletsedwa mu January 2018, pomwe mayiko ena amalola malinga kasapyole ndalama yomwe sitoloyo imadulidwa. Komwe kulipo, yerekezani ndi bonasi yanu. Kulipira 3 peresenti kuti mubwezeredwe 1.5 si nzeru.

Tinene kuti ndinu wa gulu loyamba ndithu, simudaphonyepo tsiku lobweza. Kodi ndiye kuti khadi lakupindulirani basi? Pali funso lina lovuta kuliyankha, loti kodi mukadagula zonsezo mukadakhala kuti mukuwerenga ndalama m'manja? Drazen Prelec ndi Duncan Simester a ku yunivesite ya MIT ku United States adafalitsa mu 2001 zotsatira za kafukufuku wotchuka pa nkhaniyi. Adagulitsa matikiti a masewero a timu ya basketball ya Boston Celtics kwa ophunzira, aliyense n'kulemba mwachinsinsi mtengo womwe angapereke. Ena adauzidwa kuti akapambana adzalipira kashi, ena pa khadi la ngongole. A khadi adalemba mitengo pafupifupi kuwirikiza kawiri ya anzawo. Tisakokomeze, matikiti a masewero si sopo. Chinthu chomwe mtengo wake uli wodziwika simungachigule kawiri mtengo chifukwa choti mwatulutsa khadi. Koma komwe kafukufukuyu akuloza n'koona ndipo ena adakupezanso mobwerezabwereza: kulipira kukapanda kupweteka, dzanja limamasuka.

Kashi imapweteka. Mumaona pepala lalikulu likutuluka m'chikwama n'kubwerako timapepala ting'onoting'ono ndi makobidi. Mumawerenga, wogulitsa amawerenganso, nambalayo imakhazikika m'mutu. Chikwama chikapepuka mumamva. Pa khadi palibe chimachoka m'manja mwanu, khadi limabwerera m'thumba monga lidatulukira, kaya mwagula chinthu cha 5 kaya cha 500. Ndipo chaka ndi chaka makampani akhala akuchotsa tizopinga tonse tomwe tinkapatsa munthu mpata woganiza. Kale unkasaina, kenako kudabwera nambala yachinsinsi, lero ukungogunditsa, mwina foni kapena wotchi. Ku United Kingdom malire ogunditsa popanda nambala yachinsinsi adakwezedwa kufika pa mapaundi 100 mu October 2021. Zonsezi n'zosavuta ndipo zimafupikitsa mizere, palibe angakane. Koma wopindula kwambiri ndi kufulumirako ndi wogulitsa ndi banki.

Zogula za tsiku ndi tsiku ndizo zimaopsa kwambiri pa mbali imeneyi. Munthu akafuna kugula chinthu chachikulu amaganiza, amafunsa mitengo, mwina amagona nazo usiku. Tating'onoting'ono sitiganiziridwa. Kenakake kowonjezera pa shelefu ya pafupi ndi polipirira, chakumwa panjira, kandalama ka mwezi ndi mwezi ka pulogalamu ya pa foni yomwe mudasiya kuitsegula. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo wake mumakauona koyamba pa sitetimenti, milungu itadutsa, pomwe simungabwezenso kanthu ku sitolo. Ngati khadi lakupangitsani kugula zoposa ndi 5 peresenti yokha, bonasi ya 1.5 peresenti ija yasanduka chiphaso choluzira mosangalala.

Anthu ena amathana ndi zimenezi pogawa ndalama za mwezi m'maenvulopu, ina ya zofunika m'nyumba, ina ya mayendedwe, ina ya zosangalatsa. Envulopu ikauma, mbali imeneyo yatsekedwa mpaka mwezi wamawa. Njirayi ndi yachikale ndipo ena amaiseka, koma imagwira ntchito pa chifukwa chimodzi: malire ake ndi enieni. Malire a khadi la ngongole adaikidwa ndi banki poyang'ana zomwe ingakukongozeni, osati zomwe bajeti yanu ingapirire, ndipo mukamabweza bwino banki imakonda kuwakweza musanapemphe.

Kashi nayo ili ndi mabala ake, ndipo okonda kuitamanda amawalumpha. Ikagwa kapena kubedwa yapita, palibe nambala yoimbira. Khadi likasowa mumalitseka pa foni m'kamphindi. Ku United States lamulo limati wakuba akagwiritsa ntchito khadi lanu la ngongole, inu simungalipiritsidwe zoposa madola 50, ndipo makampani akuluakulu amachotsa ngakhale 50 imeneyo. Apa khadi la ngongole limaposanso la debit. Wakuba akalowa pa debit watenga ndalama zanu zenizeni, ndipo mumadikira banki ifufuze muli chimanjamanja, lendi ikudikira. Akalowa pa la ngongole watenga ndalama za banki, ndipo banki imathamanga mosiyana ikakhala kuti yabedwa ndi iyoyo.

Chitetezo china chimaoneka malonda akasokonekera. Mwalipira katundu pa intaneti koma sanafike, kapena kampani yagwa isanakupatseni zomwe mudalipirira. Wa kashi amatsala ndi lisiti ndi mkwiyo. Wa khadi atha kukadandaula ku banki yake kuti ndalamayo ibwezedwe kuchokera kwa wogulitsa, malinga achite zimenezi m'masiku oikika. Ku United Kingdom lamulo la Consumer Credit Act la 1974, pa gawo 75, limapita patsogolo: pa katundu wa mtengo woposa mapaundi 100 mpaka 30,000, kampani ya khadi imasenza mlandu limodzi ndi wogulitsa. Koma onani malire apansiwo. Chitetezo chotere chimalemera pa tikiti ya ndege, firiji kapena katundu wa pa intaneti. Pa zinthu zomwe mwagula, mwaziona ndi maso ndipo mwanyamula nokha, sichikuonjezerani zambiri. Ndiye mfundo ya chitetezo, yomwe ndi yamphamvu zedi pa zogula zazikulu, imafooka tikafika pa zogula za tsiku ndi tsiku.

Palinso nkhani ya mbiri. M'mayiko momwe muli mabungwe osunga mbiri ya kabwezedwe ka ngongole, khadi logwiritsidwa ntchito bwino limamanga dzina lomwe mudzalifune pokongola ndalama ya nyumba kapena galimoto. Pa muyeso wa FICO, womwe ndi wofala ku United States, kubweza pa nthawi yake kumatenga 35 peresenti ya mapointi, ndipo kukula kwa ngongole zomwe muli nazo kumatenga 30. Wolipira kashi moyo wake wonse, ngakhale akhale wosamala chotani, amaoneka ngati mlendo kwa mabungwewa. Pali bodza lofala loti kuti mbiri ikule muyenera kusiyako ngongole pang'ono mwezi uliwonse. Ayi. Kubweza zonse kumamanga mbiri chimodzimodzi, ndipo simupatsa banki chiwongoladzanja chaulere. Simufunikanso kugula zinthu zonse pa khadi kuti mbiri iyende. Bilu imodzi kapena ziwiri zokhazikika pamwezi n'zokwanira.

Khadi limalemba chilichonse, ndipo ichi ndi chabwino ndi choipa nthawi imodzi. Sitetimenti imakuuzani komwe ndalama zidapita, zomwe wa kashi amangoganizira. Koma zomwe mukuonazo banki ikuzionanso: sitolo, ola, mzinda, mankhwala omwe mudagula ku famase, malo omwe mudagona. Kashi siuza munthu. Kwa ena zimenezi n'zopanda kanthu. Kwa munthu amene akukhala ndi mnzake womulondalonda pa ndalama iliyonse, kapena amene ali m'dziko lomwe boma limasuzumira nzika zake, si nkhani yaing'ono.

Chinthu chimodzi chomwe sichifuna mkangano ndi kutapa kashi pa ATM ndi khadi la ngongole. Pamenepa zoipa za mbali zonse ziwiri zimakumana. Pamakhala chindapusa cha pompopompo, chiwongoladzanja chake chimakhala chokwera kuposa cha zogula, ndipo masiku aulere palibe, chimayamba kuwerengedwa ndalama zikangotuluka m'makina.

Ndiye munthu asankhe bwanji? Ine ndinganene kuti musafunse mtima wanu, chifukwa mtima umayankha zomwe mukufuna kumva. Funsani masitetimenti a chaka chathachi. Ngati pa mzere wa chiwongoladzanja pali ziro mwezi uliwonse, khadi likukutumikirani, ndipo chotsala ndi kuyang'anira ngati silikukutambasulani dzanja. Njira yodziyesera ndi kukhala mwezi wathunthu mukulipira kashi pa zinthu zing'onozing'ono, kenako n'kuyerekeza ndi mwezi wa khadi. Ngati ziro mulibe, ndiye kuti chilichonse chomwe mukugunditsa lero chikukwera mtengo kuyambira lero lomwe, ndipo khadilo liyenera kupuma m'kabati mpaka ngongole ithe, zogula za tsiku ndi tsiku zibwerere ku kashi kapena debit. Ena mwa obweza zonse amauza banki kuti izidzitengera yokha ndalama yonse ya sitetimenti tsiku lake likakwana, kuti kuiwala kusawagwetse. Zimathandiza pokhapokha mu akauntimo muli ndalama. Ndipo pali anthu omwe amagula zofunika pa khadi osati chifukwa chokonda mabonasi, koma chifukwa malipiro atha mwezi usanathe. Kwa amenewa kulangiza kuti azibweza zonse n'kulankhula kwa munthu wokhuta. Chomwe chingawathandize n'kufunafuna ngongole ya chiwongoladzanja chotsikirapo yoti ifafanize ya khadiyo, ndi kupereka chilichonse chomwe angathe pamwamba pa kochepetsetsa kaja. Pa chitsanzo chathu chija, kukweza kuchoka pa 25 kufika pa 50 pamwezi kumatsitsa miyezi yoposa 80 kufika pa 26.

Kusankhaku kukuchepa kwina, chifukwa masitolo ena adasiya kulandira kashi. Kwa iwo kashi nayo ndi yodula: kuwerenga madzulo aliwonse, kusunga chenji, kupita nayo ku banki, ndalama zachinyengo, akuba akunja ndi a m'kati momwe. Koma sitolo yokana kashi imatsekera kunja anthu opanda akaunti, okalamba ena, ana, ndi aliyense amene banki idamukana. N'chifukwa chake ku United States boma la chigawo cha Massachusetts lili ndi lamulo lokakamiza masitolo kulandira kashi kuyambira 1978, ndipo mizinda ya Philadelphia ndi San Francisco idakhazikitsa malamulo otere mu 2019, New York n'kutsatira mu 2020.

Chodabwitsa n'choti mayiko omwe adathamanga kwambiri kusiya kashi ndi omwe ayamba kuponda mabuleki. Khadi limafuna magetsi, netiweki ndi makompyuta a makampani angapo kuti zonse zikhale zamoyo nthawi imodzi. Pa 1 June 2018 makina a Visa adavuta ku Ulaya kwa maola angapo ndipo malonda mamiliyoni adakanika. Pa 28 April 2025 magetsi adazima pafupifupi m'dziko lonse la Spain ndi Portugal, ndipo m'masitolo ambiri omwe adatsegula, wogula anali wokhala ndi ndalama m'thumba. Norway idalimbitsa lamulo lake mu October 2024 kuti masitolo asamakane kashi. Ku Sweden, komwe anthu ambiri amatha miyezi osagwira ndalama ya pepala, mabanki akuluakulu adalamulidwa kuti azionetsetsa kuti anthu ali ndi kotapira kashi, ndipo mu November 2024 boma lidatumiza kabuku ku mabanja onse kolangiza za kukonzekera nkhondo ndi ngozi zina. Mwa malangizo ake munali loti banja lililonse lizisunga kashi yokwanira sabata imodzi, ya mapepala ndi makobidi osiyanasiyana.